Patuma pa chitupa, Fatima pa satifiketi

Pamene kalembera wa unzika anafika m'midzi yathu mu 2017, tinamulandira ndi manja awiri. Lamulo lake linali litakhazikitsidwa kale mu 2010, koma ndi m'chaka chimenecho pomwe bungwe la National Registration Bureau linalemba Amalawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, kuwajambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala zawo. Lero chitupa chimenechi chimafunika ku banki, polembetsa nambala ya foni, pogula feteleza wotsika mtengo, popempha pasipoti ndiponso polembetsa kuti tidzavote. Ubwino wake sitikuukayika. Chomwe tikufuna kuunika ndi malo ochepa pa chitupacho pomwe palembedwa dzina, chifukwa pamenepo ndi pomwe Asilamu ambiri tikupunthwa.

Maina athu ambiri anachokera ku Chiarabu, ndipo anayenda mtunda wautali asanakhazikike ku Nkhotakota, Salima, Mangochi ndi Machinga. Anadutsa m'Chiswahili cha amalonda a ku gombe, n'kudzalowa m'Chiyao ndi m'Chichewa. Pa ulendowo Fatima anasanduka Patuma, Muhammad anakhala Mwamadi, Rashid anakhala Lashidi, Uthman anakhala Usumani, Khadija anakhala Hadija. Palibe chochititsa manyazi pamenepa. Malilime athu sathera mawu pa chilembo chosatsatidwa ndi liwu lotseguka, ndipo l ndi r kwa ife ndi abale. Komanso zilembo za Chiarabu zilibe njira imodzi yozilembera m'zilembo za Chilatini, n'chifukwa chake ngakhale m'maiko a Aluya timapeza Mohamed, Mohammed ndi Muhammad m'banja limodzi.

Kale kusiyana kumeneku sikunkavuta. Mfumu inkatidziwa, shehe ankatidziwa, mphunzitsi wamkulu ankadziwa kuti Ayisha wa m'kaundula ndi Asha yemweyo wa kuseri kwa msika. Kompyuta ilibe chidziwitso chotere. Imayerekeza chilembo ndi chilembo, ndipo chimodzi chikasiyana imaona anthu awiri. Mtsikana amene satifiketi yake ya MSCE ikuti Fatima pomwe chitupa chikuti Patuma ayenera kutsimikizira olemba ntchito kuti sanabe mapepala a mnzake. Bambo amene wasunga ndalama zaka zambiri kuti akachite Hajj angathe kuchedwa pa khomo la ulendo, chifukwa dzina la pa pasipoti liyenera kufanana ndi la pa chitupa, ndipo la pa viza ndi tikiti liyenera kufanana ndi la pa pasipoti.

Vuto lachiwiri ndi la dzina la banja. Fomu imafunsa dzina loyamba ndi dzina la mtundu, ngati kuti banja lililonse lili ndi dzina limodzi loyenda mibadwo yonse. Mwambo wathu ndi wina. Timatchula mwana ndi dzina la bambo ake omubereka, monga momwe Qur'an yolemekezeka ikulangizira mu Surah Al-Ahzab, ndipo pakati pa Ayao mayi wamkulu amadziwika moyo wake wonse kuti Abiti Yusufu, kutanthauza mwana wamkazi wa a Yusufu. Zotsatira zake n'zakuti ana a mimba imodzi amatuluka pa mzere wa kalembera ndi maina a banja osiyana: wina wapereka la bambo, wina la agogo, wina la amalume amene anamulera. Bambo akamwalira, ndalama zili ku banki kapena ku penshoni, mapepala amakana kuti anthuwa ndi pachibale. Chuma cha masiye chimene Shari'ah inagawa momveka chimaima, ndipo ovutika ndi amasiyewo.

Pamenepa boma lili ndi gawo lake la kudzudzulidwa. Ndondomeko yolemba anthu mamiliyoni m'miyezi yowerengeka sikanapereka mpata wokwanira wofunsitsa munthu aliyense kalembedwe ka dzina lake. Wolemba amalemba chimene khutu lake lamva, ndipo nkhalamba yosadziwa kuwerenga singaone kuti chilembo chasowa. Kulakwitsa kumatenga kamphindi, koma kukonza kumafuna ulendo wa ku boma, ndalama za thiransipoti ndi mapepala a umboni. Kwa mlimi wa ku Makanjira kapena ku Katuli, ulendo wopita ku Mangochi boma ndi tsiku lathunthu losiya munda. Sichilungamo kuti mtolo wa cholakwa chimene munthu sanachite usenzedwe ndi iye yekha. Tikupempha kuti olemba aziwerengera munthu dzina lake mokweza, chilembo ndi chilembo, asanalitumize, ndiponso kuti ntchito yokonza maina izifika kumidzi monga momwe kalembera anafikira.

Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo sitingaloze chala boma lokha. Ife tomwe takhala tikusewera ndi maina athu. Mnyamata amene analembetsa sukulu ngati Bulaimu akaphunzira ku madrasa amayamba kulemba Ibrahim, akapita ku Johannesburg amabwera ali Ebrahim. Cholinga n'chabwino, kufuna kuyandikira katchulidwe koyambirira, koma kusintha kulikonse kumasiya pepala lina likutsutsana ndi linzake. Tiyenera kuvomereza kuti Patuma si dzina lolakwika lofunika kulikonza. Ndi dzina limene agogo athu anaitanidwa nalo pa nikah yawo ndipo anawapempherera nalo pa janaza yawo. Amene akufuna kalembedwe kena asinthe potsata malamulo, pa mapepala onse, kamodzi kokha.

Mizikiti yathu ingathandize kwambiri popanda kudikira wina. Mwana amapatsidwa dzina pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, pa aqiqah, shehe ali pomwepo. Palibe chovuta kuti tsiku lomwelo dzinalo lilembedwe m'buku la pa mzikiti, m'Chiarabu ndi m'zilembo za Chilatini, makolo n'kupatsidwa kapepala koti akaonetse polembetsa kubadwa kwa mwanayo, ku sikelo ndi ku sukulu. Olemba satifiketi za nikah azikopera maina kuchokera pa zitupa za okwatirana m'malo molemba za m'mutu. Achinyamata odziwa kuwerenga aziperekeza makolo awo pokatenga kapena kukonzetsa chitupa, ndipo aziwerenga fomu asanasaine.

Chipembedzo chathu chimaphunzitsa kuti dzina labwino ndi limodzi mwa maufulu a mwana pa makolo ake. M'nthawi yathu ino ufulu umenewo ukuphatikiza kulilemba mofanana paliponse. Tisanatseke magazini ino, titulutse chitupa, satifiketi ndi buku la ku banki, tiziyale pa mphasa, tione ngati zikutchula munthu mmodzi.