Theka Loiwalika la Lamulo la Ngalande ku America

Ku United States, malamulo oteteza okumba ngalande amawasunga a bungwe la OSHA, ndipo phata lake ndi ndime 1926.652(a)(1). Ndimeyi ikulamula kuti wantchito aliyense wolowa m'ngalande atetezedwe kuti dothi lisamugumukire. Malo ololedwa kugwira popanda chitetezocho ndi awiri okha: pokumba m'thanthwe lolimba lokhalokha, ndi m'ngalande yosafika mamita 1.52 kuya kwake.

Pa malo achiwiriwa m'pamene owerenga amalekera panjira. Amaloweza nambalayo n'kutseka buku, chonsecho chiganizo chikupitirira: ngalande yosayayo ayambe waiyendera munthu wodziwa, atsimikize kuti palibe chizindikiro choti ingagumuke. Tepi yoyezera payokha siipulumutsa kontilakita pa mlandu.

Chifukwa chake chimaoneka ukayang'ana woika mapaipi. Iye sagwira ntchito ali chilili. Polumikiza amagwada kapena kuwerama, ndipo khoma lomwe limamulekeza m'chifuwa ataima limapitirira mutu wake. Dothi lodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse limalemera kuposa tani imodzi. Likamupana m'chifuwa, ngakhale mutu utsale kunja, sangathe kukoka mpweya.

Nanga munthu wodziwayo ndani? Ndime 1926.650 ikuti akhale ndi zinthu ziwiri: luso lozindikira ngozi, ndi mphamvu yokonza vutolo nthawi yomweyo. Kapitawo woona ming'alu m'mphepete kapena madzi akuchucha pakhoma, koma n'kumadikira kaye chilolezo cha bwana kuti atulutse anthu, ali ndi chimodzi chokha, ndipo lamulo silimuwerengera.

Ndime 1926.651 ikumupatsanso ntchito. Ayendere ngalande tsiku lililonse anthu asanalowe, komanso mvula ikangokata, poti dothi lonyowa limalemera n'kumasuka. Dothi lofukulidwa liunjikidwe masentimita osachepera 61 kuchoka m'mphepete, apo ayi litchingidwe. Ngalande ikafika mamita 1.22 pakhale makwerero kapena njira ina yotulukira, ndipo munthu asayende mtunda woposa mamita 7.62 kuti aifike.

Nambala ziwiri, 1.22 ndi 1.52, ziikidwe pamodzi. Njira yotulukira ikufunika pa mamita 1.22, kusanafike pa 1.52 paja. Lamulo lomwelo likuvomereza kuti munthu akhoza kufuna pothawira m'ngalande imene kontilakita akuiyesa yosaya, n'chifukwa chake silinasiye chigamulo kwa tepi koma kwa munthu amene akati "tulukani!" ntchito imaima.