Luso Lofunsa Maliro Atatha

Apolisi akamalengeza chiwerengero cha anthu odzipha m'dziko muno, amakhala akuwerenga okhawo amene nkhani yawo inafika kupolisi. Ku Ngokwe, ku Chikweo ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chiuta m'boma la Machinga, anthu ambiri amamwalirira pakhomo, ndipo m'midzi ya Asilamu maliro sakhalitsa: munthu wamwalira m'mawa, pofika madzulo kapena mawa lake waikidwa. Amene anayesa kudzivulaza n'kupulumuka ndiye sawerengedwa n'komwe. Abale amabisa, ndipo sindingawaimbe mlandu. Kwa zaka zambiri ndime 229 ya Penal Code yakhala ikunena kuti kuyesa kudzipha ndi mlandu. Ndani angakanene mwana wake kupolisi atangomupulumutsa kumene?

Choncho chiwerengero choona chimabadwira pamphasa, pamene mlangizi wa zaumoyo watsamiritsa njinga yake pamtengo n'kukhala pansi ndi ofedwa. Ntchito ya alangiziwa inachokera kutali. Inayamba ndi obaya katemera wa nthomba m'zaka za m'ma 1960, kenako othandiza kulimbana ndi kolera m'ma 1970, ndipo lero boma limafuna kuti anthu 1,000 aliwonse akhale ndi mlangizi wawo. Iye ndi amene amayeza ana kusikelo, kugawa klorini dzinja likafika, ndi kusunga kaundula wa mabanja. Pakhomo lililonse anapondapo kale pa nkhani ina, ndiye sabwera ngati mlendo. Luso lake lonse latsamira pamenepo.

Mlangizi wodziwa ntchito amayamba ndi kusankha tsiku. Pasiwa safunsapo kanthu; amakhuza maliro ngati wina aliyense. Amadikira alendo abalalike, sadaka yoyamba ipite, koma sachedwa mpaka nkhani itasinthika m'kamwa mwa anthu, chifukwa pakatha miyezi mudzi umakhala utagwirizana kale zoti uzinena. Amasankhanso womufunsa. Mwini mbumba amamupatsa ulemu wake, amfumu amawadziwitsa, koma amene amamufuna ndi uja anali pafupi masiku otsiriza, amene ankapereka chakudya n'kuona mbale ikubwerera yosakhudzidwa.

Funso loyamba silikhala la imfa. "Amayi, pepani ndi zovutazi. Tandiuzani mmene bambo ankakhalira kuyambira nthawi yokolola." Akatero amakhala chete, cholembera chili m'thumba. Apa m'pamene ndimagoma nawo alangizi, chifukwa ambirife chete timamuopa, timafulumira kuthirapo mawu achitonthozo, n'kutseka pakamwa pa munthu amene anali pafupi kulankhula. Mlangizi amalola mayiyo ayambire kumene akufuna, azungulire, alire, abwererenso. M'kuzungulira momwemo ndi mmene mumatuluka zofunika: ngongole ya katapila imene inkakwera mwezi ndi mwezi, ndalama za banki m'khonde zimene tsiku logawana linali litayandikira, ulendo wa ku Joni umene unathera pobwezedwa chimanjamanja, kapena mkamwini amene maganizo ankamudya pamudzi pa eni ake wopanda m'bale womuuza zakukhosi. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti odzipha ambiri ndi amuna, ndipo nkhani za pamphasazi ndi zimene zimaunikira chifukwa chake.

Banja likanena kuti malemu analodzedwa, mlangizi satsutsa. Kutsutsa kungathetse kucheza pomwepo. Amalandira mawuwo, kenako amafunsa zooneka ndi maso: ankagona tulo? Anasiya liti kupita kumunda, kumzikiti kapena kutchalitchi? Analankhulapo zotsanzika? Anayesapo kale? Chikhulupiriro cha banja chimatsala pamalo pake, koma zimene zinachitika zimalembedwa molondola. Ndipo m'lipoti lopita kuchipatala mumalowa zaka, kuti anali mwamuna kapena mkazi, mwezi ndi njira. Miseche ya pamjigo simulowa, ndipo zimene wamva pamphasa sakazinena pamsika wa Ntaja.

Njira yofunsa abale kuti adziwe chimene chinapha munthu ili ndi mbiri yake m'Malawi. Ku Chilumba m'boma la Karonga, kuyambira 2002, ochita kafukufuku amene lero ali pansi pa bungwe la MEIRU akhala akutsatira kubadwa ndi kumwalira kwa anthu m'midzi. Munthu wa m'mudzi momwemo amayang'anira kagulu ka mabanja n'kumapereka uthenga mwezi uliwonse. Imfa ikachitika, wachipatala amapita kukacheza ndi abale, ndipo zolembazo amaziwerenga madokotala awiri payekhapayekha. Akasiyana maganizo, wachitatu amagamula. Mu 2015 Steady Chasimpha ndi anzake anasindikiza zimene anapeza pa zaka khumi za imfa zosadza ndi matenda, ndipo kudzipha kunaonekera poyera pamodzi ndi kumira m'madzi ndi ngozi zapamsewu. Zimenezi zinadziwika chifukwa wina m'mudzi anamva, wina n'kupita kukafunsa mwaulemu.

Machinga nayo inaphunzitsa dziko kanthu. Dr Felix Kauye anachita kafukufuku m'zipatala zazing'ono za bomali, wosindikizidwa mu 2014, pophunzitsa ogwira ntchito kuzindikira matenda a maganizo. Ophunzitsidwawo anayamba kupeza anthu ovutika ndi nkhawa ndi kukhumudwa pakati pa odwala amene kale akanangolembedwa malungo kapena kuphwanya kwa thupi. Odwala anali omwewo, chimene chinasintha ndi kafunsidwe. M'boma loyandikana la Zomba, alangizi a zaumoyo mazanamazana analandiranso maphunziro a umoyo wa maganizo pa ntchito imene munali achipatala cha Zomba Mental.

Gawo lovuta koposa ndi la wopulumuka. Mlangizi amapempha kuti acheze awiri, kuseri kwa nyumba, popanda ana omvetsera. Salalikira, satchula za mlandu kapena za tchimo. Amafunsa mosazungulira: "Achimwene, maganizo aja akumabwerabe?" Anthu ambiri amaopa kuti funso lotere lingamukumbutse munthu zoipa, koma akatswiri anapeza kuti kufunsa sikudzala maganizowo, kawirikawiri munthu amapepukidwa kuti wina wafunsa. Kenako mlangizi amagwirizana ndi banja kuti mankhwala a kumunda asamakhale m'nyumba yogona, akasungidwe kwa wachibale potsekedwa. Amalemba kalata yopita kuchipatala chaching'ono, kumene nkhani ikakula amatumiza ku chipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Zomba. Ngati ndi mwana, pali nambala yaulere ya 116 imene a bungwe la YONECO amayankha. Sabata yotsatira amabweranso, chifukwa masiku oyambirira munthu atapulumuka ndi amene ali oopsa.

Wina angafunse kuti manambala otolera movutikira chonchi amathandiza chiyani. Bungwe la WHO limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse padziko lapansi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse amamwa mankhwala ophera tizilombo ta mbewu. Ku Sri Lanka, zolemba za m'zipatala ndi za imfa zinasonyeza mitundu ya mankhwala imene inkapha kwambiri, boma linailetsa, ndipo pakati pa 1995 ndi 2015 chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi pafupifupi 70 peresenti, ulimi osagwa. Ku Balaka, kumene alimi a thonje amasunga mankhwala opopera pakhomo nyengo yonse, mafunso ake ndi omwewo: mtundu uti, mwezi uti, wogulidwa kuti. Mayankho ake ali ndi alangizi a ku Phalula, ku Utale ndi ku Ulongwe, ndipo kaundula wawo akufunika mzere wolembapo zimenezi.