Walira Mvula Walira Matope: Mwambi Uwu ndi Minda ya Fodya ya ku Kasungu

Makolo a Achewa anasiya miyambi yambiri yolangiza anthu pa ntchito. Umodzi mwa iyo ndi uwu wakuti, "Walira mvula, walira matope." Tanthauzo lake ndi lakuti munthu wofuna chinthu chabwino avomerenso zowawa zimene zimadza nacho. Mwambiwu ndi waufupi ndiponso wosavuta kuukumbukira, pakuti liwu lakuti "walira" limamveka kawiri. Koma mwambi uli ngati nkhwangwa, imene ubwino wake umaoneka malinga ndi dzanja limene laigwira. Chotero nkoyenera kuuyesa pa malo amodzi, ndiwo minda ya fodya ya m'zidikha za Kasungu, kuti kuoneke pamene umanena zoona ndi pamene anthu amaupotoza.

Poyamba, mwambiwu umanena zoona. Fodya ndi mbewu yofuna munthu chaka chathunthu. Nazale amafesa m'nyengo ya dzuwa, cha mu Seputembala, nathirira m'mawa ndi madzulo. Mvula yoyamba ikagwa amawokera. Kenaka pali kupalira, kuthira feteleza, kudula nsonga, kuthyola masamba, kusoka ndi kupachika m'chigafa, ndipo pomaliza kusankha ndi kudinda mabelo. Waulesi sangafike nako kumapeto. Mlimi amene waona tsamba lake litauma bwino, lofewa ndi la mtundu umodzi, amakhala ndi chimwemwe chimene wongotandala pa bawo sachidziwa. Matope otere ndi aulemu.

Koma ku Kasungu kunadza matope a mtundu wina. Lamulo la mbewu zapadera la 1963 linapatsa boma mphamvu yosankha amene angalime fodya wa bale, ndipo kufikira 1990 chilolezo chinali cha eni maesiteti. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti anachuluka kwambiri m'bomali. Ena mwa iwo anali a kampani ya Press, ya Dr. H. Kamuzu Banda, amene anabadwira ku Kasungu komweko. Iye ankalangiza anthu kawirikawiri kuti agwire ntchito molimbika m'minda, ndipo ngodya zinayi za chipani chake zinali umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Wowerenga aone kuti ngodya zimenezi zinkanena kwambiri za udindo wa wolamulidwa. Za mangawa a wolamula sizinkamveka.

Eni maesiteti ambiri a fodya wa bale sankalemba antchito a pamwezi. Ankatenga matenanti, ambiri ochokera ku maboma a kum'mwera kumene malo olima ndi ochepa, monga Mulanje, Thyolo ndi Phalombe. Tenanti ankapatsidwa munda, mbewu, feteleza, khasu ndi chimanga cha phoso, zambiri mwa izi pa ngongole. Iye ndi mkazi wake, nthawi zambiri ndi ana omwe, ankalima nyengo yonse. Fodya atauma, mwini esiteti yekha ndiye ankamugula, pa mtengo umene tenanti analibe nawo mawu, nachotsa ngongole ija. Pangano kawirikawiri linali la pakamwa, ndipo buku la ngongole linali m'manja mwa munthu mmodzi. Mabanja ena ankatsala ndi ndalama zochepa. Ena ankatsala ndi ngongole, osapeza ngakhale ya basi yobwererera kwawo.

Munthu wotere akadandaula, yankho linali pafupi: anadza yekha kudzafuna ntchito, tsono apirire, pakuti analira mvula. Apa ndi pamene pali cholakwa, ndipo cholakwacho ndi cha wonena mwambi, osati cha makolo. Matope a m'mwambi amadza ndi mvula yeniyeni, imene imameretsa mbewu ya munthu yemweyo amene waponda matopewo. Sikelo yonama, phoso lochedwa ndi mwana wosiya sukulu sizidza ndi mvula. Zimenezi amapanga ndi munthu. Tenanti akanatha kuyankha ndi mwambi wina wa makolo omwewo, wakuti, "Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo." Malipiro olonjezedwa pakutha pa miyezi khumi, popanda kalata, ndi fodya wa pachala.

Aka sikanali koyamba kuti mawu abwino apotozedwe. Kale liwu lakuti thangata linkatanthauza kuthandizana pa ntchito. M'minda ya Azungu ya kum'mwera linasanduka dzina la ntchito yokakamiza, yolipirira malo okhala, ndipo linali limodzi mwa madandaulo amene anautsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915. Thangata anathetsedwa mu 1962. Koma zidzukulu za anthu a m'maboma omwewo ndizo zinakwera malole kupita ku Kasungu.

Mwambiwu ukamveka bwino, umagwa mbali zonse ziwiri. Mwini munda nayenso analira mvula, pakuti anafuna phindu. Matope ake ndi awa: kulipira pa tsiku la pangano, kuonetsa wantchito sikelo ndi buku, kumpatsa nyumba yosadontha, ndi kumuitana ndi dzina lake kapena mfunda wake monga munthu wamkulu. Nzoona kuti iyenso ali ndi nkhawa zake, monga ngongole ya kubanki, mtengo wotsika pa msika wa Chinkhoma kapena wa Kanengo, ndi mabelo obwezedwa. Komabe sayenera kusenzetsa wosauka yekha nkhawa zimenezi. Wantchito nayenso ali ndi mbali yake. Wogulitsa fodya wa mwini usiku, wobisa masamba oipa pakati pa belo, ndi wosiya nazale yosathirira chifukwa cha mowa, onsewa afuna mvula nakana matope.

Mu 2019 dziko la United States linayamba kuimitsa fodya wa ku Malawi pa madoko ake, chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi kugwiritsa ana ntchito. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito, niletsa utenanti. Kusinthaku ndi kwakukulu, ndipo wantchito aliyense ayenera kukudziwa. Koma lamulo lili pa pepala, ndipo munda uli kutali ndi ofesi ya boma. Chifukwa chake munthu amene waphunzira kuwerenga ali ndi chida chimene makolo ake analibe. Akhoza kupempha kuti pangano lilembedwe, kuliwerenga yekha asanasaine, ndi kuona manambala a pa sikelo ndi maso ake.

Chotero mwambi uwu ndi woyenera kuusunga, koma wounena ayambe wadzifunsa ngati iye mwini waponda matope ake. Pakamwa pa munthu wolangiza mnzake amene akugwira naye ntchito, ndi mwambi wa nzeru. Pakamwa pa munthu amene sanalipire antchito ake, ndi chipongwe.