Kodi A Gide Timawamvera, Kapena Timangowachitira Chifundo?

Gitala ya a Giddes Chalamanda ndinayamba kuimva ndili mwana kwathu ku Nzama, pa kawailesi ka agogo kamene mabatire ake tinkachita kuyanika padzuwa kuti kalankhule. Agogo ankangoti "awotu ndi a Gide," ngati akunena munthu wa m'mudzi mwathu momwemo, chikhalirecho bamboyo kwao ndi ku Chiradzulu.

Pano pakoleji anzanga akamakamba za a Gide amangotama ukalamba wao. Amati taonani nkhalamba yopirira: inaimba mu "Buffalo Soldier" kuti ikulakalaka kukafika ku America, ndipo mu 1970 kapena 1980 ndani akanakhulupirira, koma mu 2016 inakafikadi, mpaka kukaimba ku Library of Congress mumzinda wa Washington. Nzoona zimenezo. Koma ine ndikuti kutama kupirira kokha ndi njira yaulemu yozembera nyimbo.

Tatcherani khutu kaimbidwe kao. Gitala imangozungulira pamalo amodzimodzi, dzanja lamanja likugunda ngati musi mumtondo, ndipo mau omwewo amabwera kachiwiri, kachitatu, osatopa. Enafe amene tangophunzira kumene kusanthula ndakatulo timafulumira kunena kuti kumeneko ndi kusowa chonena. Iai. Ndimo mmene kholo limalangizira mwana pakhomo, silinena kamodzi. Mu "Linny Hoo" ndi bambo akulankhula ndi mwana wake wamkazi, ndipo kubwerezako ndiko kumafewetsa chilangizo mpaka wakumva sadziwanso ngati akudzudzulidwa kapena akusisitidwa.

Mu 2020 Patience Namadingo anajambula nao nyimbo zao m'chamba cha reggae, ndipo pofika kumapeto kwa 2021 kachigawo ka "Linny Hoo" kanali katafala pa TikTok, akuvina ndi anthu osamva ndi liu limodzi lomwe la kwathu kuno. Namadingo sindikumunyoza, anawapatsa ulemu akuluwo, ndipo popanda iye achinyamata ambiri sakanawadziwa. Komabe reggae ili ndi mayendedwe oyezedwa bwino, pamene a Gide akakhala okha amafulumira apa nkuchedwa apo, monga mmene mpweya wawalolera. Zoimbira zamakono zinawongola zokhotazo, ndipo ine zokhotazo ndizo ndimazifuna.

Patchuthi ndinawaikira agogo zonse ziwiri pafoni. Atamva ya reggae anangofunsa kuti mnyamata woimba naoyo ndi mwana wa yani, uku akupeta ndithu. Itayamba yakale ija anaika lichero pansi.