Vito Marcantonio pa Miyeso Iwiri

Abale, munthu wotumidwa ku nyumba ya malamulo ayesedwa ndi zinthu ziwiri: ngati akumbukira iwo amene anamtuma, ndi ngati mau amene alankhula aturuka mumtima mwace. Tiyeni tiike pa miyeso iwiriyi Vito Marcantonio wa ku America.

Anabadwa caka ca 1902 ku East Harlem, dera la mzinda wa New York kumene kunadzala amphawi ocokera ku Italy, ndipo iye anali wa mtundu womwewo. Anaphunzira za malamulo, nathangata Fiorello La Guardia, amene anaimirira deralo asanakhale mkuru wa mzinda. Caka ca 1934 anthu anamsankha apite ku Congress, ndiyo nyumba ya malamulo ya dzikolo. Anagwa pa cisankho ca 1936, nasankhidwanso mu 1938, nakhalamo kufikira 1951. Zonse pamodzi zaka 14.

Pa muyeso woyamba palibe comtsutsa. Sanasamuka pakati pa anthu ace atakwezeka. Osowa nchito ndi opitikitsidwa m'nyumba anamfikira, ndipo anawayankha m'cinenero cao, Citaliyana kapena Cisipanishi, popeza a ku Puerto Rico anacurukanso m'deramo. Cifundo cace sicinalekeza pa a kwao okha. M'zigawo zina za kumwera munthu sanaloledwa kusankha atsogoleri asanakhome msonkho wa pa mutu, ndipo msonkhowo unatsekereza anthu akuda ndi azungu osauka. Marcantonio anabwera nalo lamulo lakuuthetsa. Nyumba yace inalibvomera mu 1943 ndi mu 1945, koma nyumba ya Senate inalitsekera njira. Msonkhowo unacotsedwa pa zisankho za dziko lonse mu 1964, iye atamwalira kale.

Koma pa muyeso waciwiri pali banga. Mu 1939 Stalin wa ku Russia anapangana mtendere ndi Hitler. Masiku onse a panganolo Marcantonio anakana kuti America akonzekere nkhondo: anakana lamulo lakulemba asilikari mu 1940, nakananso mu 1941 lamulo lakubwereka zida kwa Angerezi. Tsono pa 22 June 1941 Hitler anathira nkhondo Russia, ndipo posacedwa yemwe uja anasanduka wofulumiza nkhondo. A cipani ca Komyunisti ku America anatembenuka nthawi yomweyo ndi njira yomweyo.

Omkonda ati nkhondo ndiyo inasintha, si munthu ai. Koma tifunse: kodi Hitler sanali yemweyo pamene anapondereza Poland ndi France? Kodi mwazi wa anthu a maiko aja unali wocepa mtengo? Kukana nkhondo sikucititsa manyazi, kungakhale kulimba mtima ndithu. Kusintha maganizo nakonso sikulakwa. Cimene cidetsa mbiri yace ndi nthawi ya kusinthako, pakuti inaonetsa kuti pa nkhani yaikuru yotere anayang'ana ku Moscow asanayankhe.

Adani ace anagwira pomwepo. Mu 1950, atatsutsa nkhondo ya ku Korea, zipani zitatu zinagwirizana pa munthu mmodzi, James Donovan, nizimgwetsa. Anamwalira mu 1954. Amene anataya koposa anali amphawi a ku East Harlem, pakuti anasowa wowanenera wonga iye.

Cifukwa cace ciweruzo cathu ndi ici: Marcantonio anali mtumiki wokhulupirika pa khomo pace, ndi mnzao weniweni wa anthu akuda pa nthawi imene abwenzi ao m'nyumba ija anali owerengeka. Ulemu umenewo tisamlande. Koma ukuru wace unaperewera, popeza pa nkhani ya nkhondo analola ena amtsogolere. Wotumidwa ndi anthu akabwereka mau kwina, tsiku lakugwa iye sagwa yekha. Agwetsa ndi iwo omwe anamtuma.