Liwu la fisi m'kamwa mwa agogo: *July's People* ndi kuchotsa mabuku m'sukulu

Mu Epulo 2001 nyuzipepala za ku South Africa zinaulula lipoti la komiti ya aphunzitsi imene nthambi ya maphunziro ya chigawo cha Gauteng, yomwe likulu lake lili ku Johannesburg, inaipatsa ntchito younika mabuku owerengedwa m'sukulu za sekondale. Komitiyo inalangiza kuti mabuku angapo achotsedwe pamndandanda. Sewero la *Hamlet* la William Shakespeare inati silipatsa chiyembekezo, la *King Lear* inati ladzala ndi chiwawa, ndipo buku la George Orwell lotchedwa *1984* inati lili ndi mzimu woukira boma. Koma chomwe chinautsa mapiri pachigwa ndi chigamulo chake pa *July's People*, nthano yaitali ya Nadine Gordimer ya mu 1981. Komitiyo inati bukuli likuoneka latsankho, lonyoza anthu akuda, kuti nkovuta kupezamo pamene mlembi akudzudzula tsankholo, komanso kuti chilankhulo chake sichiphunzitsa ana malamulo abwino a Chingerezi.

Gordimer, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1991, sanali mlendo ku ziletso. Boma la tsankho linaletsa *The Late Bourgeois World* ya mu 1966 kwa zaka khumi, ndipo mu 1979 linaletsanso *Burger's Daughter* kwa miyezi ingapo. Chachilendo mu 2001 chinali chakuti mlandu unachokera m'maofesi a boma la demokalase limene iye analimenyera nkhondo. Nduna ya zamaphunziro ya nthawiyo, Kader Asmal, inatsutsa poyera maganizo a komitiyo, ndipo bukulo linabwerera pamndandanda. Nkhaniyo inatha, koma funso limene inadzutsa likadalipo, ndipo limatikhudza ife ophunzitsa ndi kulemba m'zilankhulo za mu Africa kuposa mmene linakhudzira Gordimer. M'nkhani ino tiunika zifukwa ziwiri za komitiyo poziyerekeza ndi zomwe zili m'bukumo, kenaka tione chimene tingaphunzirepo pa mabuku a m'Chichewa.

Tsatanetsatane wa nkhaniyi ndi wosavuta. Nkhondo yapachiweniweni yabuka mu Johannesburg. Bam ndi Maureen Smales, azungu odziona kuti ndi odana ndi tsankho, athawa ndi ana awo atatu pa kagalimoto kachikasu. Wowapulumutsa ndi July, wantchito wawo wam'nyumba wa zaka 15, amene awatengera kumudzi kwawo. Kumeneko zinthu zitembenuka. Makiyi a galimoto akhala m'thumba mwa July, mfuti ya Bam isowa, ndipo aja ankalamula asanduka osungidwa. Ndi kumudziko kumene banjali limva koyamba kuti munthu amene akhala naye zaka zonsezo dzina lake lenileni ndi Mwawate.

Chifukwa choyamba cha komitiyo chinali chakuti bukuli silidzudzula tsankho moonekera. Apa mpofunika kusiyanitsa mawu atatu amene amamveka m'nthano iliyonse: a mlembi, a mfotokozankhani ndi a ampangankhani. Mwana wa kumudzi amadziwa kusiyanitsa kumeneku asanalowe m'kalasi. Agogo akamasimba nthano madzulo, amatha kukulitsa mawu ndi kulankhula ngati fisi, kunena za dyera la fisi ndi pakamwa pawo pomwe, koma palibe mdzukulu amene amathawa poganiza kuti agogo asanduka fisi. Komanso agogowo sadukiza nthano mphindi iliyonse kuti alengeze kuti dyera ndi loipa. Amaleka fisi adzikole yekha, ana n'kuona.

M'Chichewa tili ndi timawu monga "ati" ndi "akuti" tosonyeza kuti wolankhula wangonyamula mawu a wina. Luso limene Gordimer amagwiritsa ntchito kwambiri ndi lochotsa timawu totere, kotero kuti maganizo a Maureen amalowerera m'mawu a mfotokozankhani popanda chikwangwani. Wowerenga mothamanga amayesa kuti ndi mlembi amene akuona mudzi wa July ngati malo auve ndi oopsa, pamene amene akuona choncho ndi Maureen. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodekha amapeza kuti bukuli linamangidwa kuti liwononge chikhulupiriro cha Maureen chakuti iye anali bwana wachifundo. Taganizirani chithunzi cha paubwana wake, pomwe akuyenda ndi Lydia, wantchito wa makolo ake, amene ankamuyesa mnzake. Pachithunzipo Lydia wasenza chikwama cha mabuku cha mtsikanayo pamutu. Maureen anatha zaka osaona chachilendo chilichonse pamenepo. Mlembi sachita kutiuza kuti ili ndi tsankho, chifukwa chikwamacho chanena kale. Chidzudzulo chimene komiti inachisowa chili m'kamangidwe ka nkhani yonse.

Chifukwa chachiwiri, cha malamulo a chilankhulo, nchofunika kwambiri kwa ife a sayansi ya zilankhulo. Nzoona kuti Chingerezi cha July ndi chothyokathyoka. Funso nlakuti anachiphunzira kuti, ndipo chinapangidwira ntchito yanji. Ndi Chingerezi cha kukhitchini, cholandirira malamulo ndi kuyankhira kuti ntchito yatha. Sichinapatsidwe mawu ofotokozera mkwiyo kapena ulemu wa munthu. Amalawi amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela amachidziwa chilankhulo cha mtundu umenewu, pakuti Chifanakalo chimene ankalankhula pansi pa mgodi chinali chotero: chokwanira kulamula ndi kumvera, choperewera pa china chilichonse. Zaka 15 Maureen ankayesa kuti iye ndi July amamvana, chonsecho ankangogawana chilankhulo cha bwana ndi wantchito. Nchifukwa chake pa mkangano wawo womaliza July asiya Chingerezi n'kumukalipira m'chilankhulo chake, ndipo Maureen, wosadziwa liwu ndi limodzi lomwe, amva zonse. Kukonza Chingerezi cha July kuti chikondweretse mphunzitsi wa malamulo a chilankhulo kukanakhala kunama za dziko limene linamulera. Wophunzira wa sitandade yomaliza ya sekondale akhoza kuphunzira zambiri za Chingerezi chovomerezeka pofunsidwa kuti afotokoze pamene July wapatuka ndi chifukwa chake.

Izi sizitanthauza kuti bukuli lilibe pokayikitsa. Gordimer amatilowetsa mozama mumtima mwa Maureen, koma mumtima mwa July ndi mkazi wake Martha amangotisuzumiritsa pang'ono. Wophunzira wa ku Soweto amene mayi ake amagwira ntchito m'nyumba za ku Sandton ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene nkhani yotchedwa ndi dzina la July ikuthera pa Maureen akuthamangira ndege ya helikopita. Limeneli ndi funso labwino la kuunika zolembedwa, ndipo malo ake ndi m'kalasi. Buku likachotsedwa, funsolo limachotsedwa nalo limodzi.

Tivomerezenso kuti sukulu iliyonse imasankha, ndipo kusankha ndi udindo. Makolo athu sankaphunzitsa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi zimene ankaphunzitsa namwali kutsimba. Chilichonse chinali ndi msinkhu wake. Koma anamkungwi sankabisira namwali za imfa, za banja kapena za nkhanza za anthu poti nzosapatsa chiyembekezo. Ankadikira nthawi, kenaka n'kumuuza zonse. Kuika buku pa msinkhu woyenera ndi nkhani ya kaphunzitsidwe. Kulichotsa kwa achinyamata a zaka 17 kapena 18, amene mawa lomwe adzaponya voti, pa chifukwa choti likuonetsa zoipa za m'dziko, ndi kuwayesa makanda.

Kwa Amalawi nkhaniyi si yakutali. Lamulo loona za mabuku ndi zisangalalo la mu 1968 linakhazikitsa bungwe limene linaletsa mabuku ambirimbiri mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda. M'chaka chomwecho Chichewa chinakwezedwa kukhala chilankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, zimene zinatseka mabuku a chilankhulo chonse popanda kutchula ndi limodzi lomwe. Ndakatulo za Jack Mapanje za mu *Of Chameleons and Gods*, zosindikizidwa mu 1981, chaka chimodzimodzi ndi *July's People*, zinachotsedwa m'masitolo, m'nyumba zowerengeramo mabuku ndi m'sukulu mu 1985, ndipo mwini wake anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ufulu wa zipani zambiri sunathetse mchitidwewu. Mu 2017 unduna wa zamaphunziro unachotsa m'sukulu za sekondale buku la nkhani zazifupi la *Kusintha Maganizo ndi Nkhani Zina*, akuluakulu a mpingo wa Katolika atadandaula ndi nkhani imodzi yoonetsa wansembe wochita zosayenera. Monga ku Gauteng, tchimo la mpangankhani linawerengedwa ngati chiphunzitso cha buku.

Kusiyana kwake ndi uku. Gordimer anali ndi owerenga m'maiko ambiri, ndipo lipoti la ku Gauteng litatuluka, alembi ndi nyuzipepala za kunja anamuimira. Buku lake likanachotsedwa m'sukulu likanagulidwabe ku London ndi ku New York. Mlembi wa m'Chichewa, m'Chizulu kapena m'Chisotho alibe pothawira potero, pakuti msika waukulu wa mabuku a m'zilankhulo zathu ndi sukulu. South Africa yomweyo inaonetsa zotsatira zake. Pansi pa lamulo la Bantu Education la mu 1953, mabungwe a boma oona za zilankhulo ndiwo ankavomereza mabuku a m'sukulu za anthu akuda, ndipo osindikiza ankapewa zolemba zimene zikanakanidwa. Alembi ambiri anaphunzira kudziletsa okha asanaletsedwe, n'kumalemba za mnyamata wopita kutauni, wolowerera, wobwerera kumudzi atalapa, osakhudza lamulo la mapasi kapena kulandidwa kwa malo zimene zinamutumiza kutauniko. Chiletso choopsa kwambiri ndi chimenechi, chifukwa sichisiya mndandanda wa mabuku oletsedwa. Mabukuwo salembedwa n'komwe.

Pa chifukwa chimenechi, komiti iliyonse younika mabuku a m'sukulu, kaya ku Johannesburg, ku Lilongwe kapena ku Chipata, iyenera kufunsidwa zinthu zitatu. Choyamba, isonyeze kuti pa ndime iliyonse imene yaikayikira yadzifunsa kuti akulankhula ndani, ndipo nkhani yonse ikumuweruza motani wolankhulayo. Chachiwiri, ikapeza kuti buku ndi lolemera kwa ana a kalasi ina, itchule kalasi imene likuyenera m'malo molitaya. Chachitatu, zifukwa zake zilembedwe poyera kuti alembi, makolo ndi aphunzitsi ena athe kuziyankha, monga zinachitikira mu 2001 lipoti lija litafika m'manja mwa atolankhani.

Udindo wina uli pa ife a m'mayunivesite. Amene analemba lipoti la ku Gauteng anali aphunzitsi, anthu ofunira ana zabwino, amene anadutsa m'makoleji ngati athuwa. Ngati anatuluka akuganiza kuti nthano yabwino ndi imene imalengeza phunzo lake pa tsamba lomaliza, ndiye kuti kaphunzitsidwe ka zolembedwa kayenera kuunikidwanso. Mayeso athu a Chichewa amakonda kufunsa kuti mwaphunzirapo chiyani pa nkhaniyi. Ayambenso kufunsa kuti mawu awa ndi a yani, ndipo mwadziwa bwanji.