Mwana wa Mlendo Si Mame: Kuunika Zolemba za Andrei Ivanov

Makolo athu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu umatilangiza kusamala mlendo poti masiku ake ndi owerengeka, koma sunena kanthu za mwana amene mlendoyo wabereka pamudzipo, amene mchombo wake udakwiriridwa pomwepo. M'nkhani ino ndikufuna kuunika zolemba za Andrei Ivanov, mlembi wa ku Estonia, chifukwa mwana wotereyu ndiye mwini nkhani m'mabuku ake.

Ivanov adabadwira mumzinda wa Tallinn mu 1971, m'banja loyankhula Chirasha. Nthawi imeneyo Estonia idali pansi pa Soviet Union, ndipo anthu ambiri ochokera ku Russia adali atadzakhazikika kumeneko kudzagwira ntchito m'mafakitale, m'madoko ndi m'gulu la asilikali. Dzikolo litapezanso ufulu mu 1991, lamulo la 1992 lidapereka unzika kwa amene adali nzika pofika mu June 1940 pamodzi ndi zidzukulu zawo. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse adatsala wopanda unzika. Wofuna unzika adayenera kukhoza mayeso a Chiestonia. Amene sadatero, ndipo sadatenge unzika wa Russia, adapatsidwa pasipoti yotuwa yosonyeza kuti mwini wake si nzika ya dziko lililonse. Ivanov adayenda ndi pasipoti yotereyi kwa zaka zambiri.

Buku limene lidamutchukitsa ndi la ulendo wa Hanuman wa ku Lolland, lomwe lidatuluka ku Tallinn mu 2009 ndipo m'Chingerezi likupezeka ndi mutu wakuti Hanuman's Travels. Wofotokoza nkhani ndi Yevgeny, mnyamata wa Chirasha wobadwira ku Tallinn, amene akukhala mozemba mumsasa wa anthu othawa kwawo ku Denmark pamodzi ndi mnzake Hanuman, Mmwenye wochenjera pakamwa. Awiriwa amadya za katangale ndi bodza, kwinaku akulota za Lolland, chilumba chimene Hanuman amachiyesa paradaiso.

Luso lalikulu limene ndikuliona m'bukuli ndi lakuti Ivanov adamuchotsa mnyamatayu ku Tallinn n'kukamuika pakati pa anthu opanda kwawo enieni. Anzake mumsasamo ali ndi dziko limene adalithawa, choncho ali ndi nkhani yokauza akuluakulu a boma. Yevgeny alibe. Sangalire kuti akufuna kubwerera ku Russia, pakuti sadakulire kumeneko. Sanganenenso kuti kwawo kuli nkhondo, pakuti ku Estonia kuli mtendere. Apa mlembiyu akutsutsa maganizo a anthu ambiri akuti mwana wa mtundu wa Chirasha wobadwira ku Estonia mtima wake uli ku Moscow. Misewu imene amaikumbuka, kaya mwachikondi kaya mwaukali, ndi ya ku Tallinn.

Bukuli lili ndi zofooka zake. Nkhani yake imazungulira malo amodzi ngati nkhuku yomangidwa mwendo, ndipo owerenga ofuna chiyambi, pakati ndi mathero atopa msanga. Chachiwiri, mkwiyo wa Yevgeny susankha: amanyoza anthu a ku Denmark ndi othawa kwawo anzake mofanana, mwina ndi mawu opweteka kuwerenga. Chachitatu, tisamutenge ngati mneneri wa m'badwo wake wonse. Achinyamata ambiri a Chirasha adaphunzira Chiestonia, adalandira unzika, ndipo amagwira ntchito m'ziyankhulo zonse ziwiri. Anthu oterewa mawu awo samveka m'bukuli.

Komabe zimene zidachitikira mlembiyu zikutsimikiza kuti sadalembe za m'maluwa. Mu 2010 bukuli lidafika pamndandanda womaliza wa mphoto ya Russian Booker ku Moscow. Mu 2011 buku lake lina, Peotäis põrmu, kutanthauza fumbi lodzaza dzanja, lidatuluka koyamba m'Chiestonia, lomasuliridwa kuchokera ku Chirasha. Mu 2012 oweruza mphoto za mabuku ku Estonia adasowa gawo loliikamo, poti silidalembedwe m'Chiestonia komanso lidali lisadasindikizidwe m'Chirasha. Kudabuka mtsutso m'nyuzipepala wakuti kodi Ivanov ndi mlembi wa dziko liti. Bukulo nalo lidasanduka mleme wa m'nthano uja, wokanidwa ndi mbalame ndi nyama zomwe.

Ine ndikuima ndi amene adati zolemba zake ndi za Estonia. Chiyankhulo chokha sichingakhale muyeso. Buku lake la Kharbinskie motylki, lomwe lidapata mphoto ya NOS ku Russia, likukamba za anthu a Chirasha amene adakhala ku Tallinn m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, Soviet Union isadalande dzikolo. Imeneyi ndi mbiri ya Estonia, ndipo mlembi wa ku Moscow sakadaimva m'mafupa chomwecho.

Sindikupeputsa mantha a eni dziko. Estonia ili ndi anthu pafupifupi 1.3 miliyoni okha, ndipo anthu ake zikwizikwi adatengedwa mokakamiza kupita ku Siberia mu 1941 ndi mu 1949. Russia itayamba nkhondo yaikulu ku Ukraine mu 2022, boma lidakhazikitsa lamulo losintha sukulu za Chirasha kuti ziziphunzitsa m'Chiestonia kuyambira mu 2024. Mtundu waung'ono uli ndi chifukwa chotchinjirizira chiyankhulo chake. Koma mayeso a chiyankhulo amangoyesa lilime, ndipo Ivanov akutionetsa zimene mayesowo sangathe kuyesa.

Ife tisaione nkhaniyi ngati ya kutali. Ana a machona athu obadwira ku Zimbabwe adalembedwa kuti ndi alendo paziphaso zawo, ndipo lamulo la unzika la 2001 lidawamana ambiri ufulu wovota mpaka malamulo atsopano a dzikolo a 2013. Tsiku lina mmodzi wa iwo adzalemba m'Chishona za makomboni a ku migodi kumene agogo ake adavinira gule wamkulu. Ife alembi tiyenera kuyamba kuganiza lero ngati buku limenelo tidzaliwerengere pakati pa athu, ndipo ine ndikuti tidzaliwerengere, ngakhale a ku Zimbabwe nawonso atalitcha lawo.